Lamulungu limene masapota a Tennessee adakana mphunzitsi asadafike n'komwe

Pa 26 Novembala 2017, lomwe lidali Lamulungu, yunivesite ya Tennessee ku America idapeza mphunzitsi wamkulu wa timu yake ya mpira, koma pofika usiku wa tsiku lomwelo idali itamutaya kale. Dzina la mphunzitsiyo ndi Greg Schiano. Mkulu wa zamasewero pa yunivesiteyo, John Currie, adamulondola ku Columbus m'chigawo cha Ohio kumene ankagwira ntchito, awiriwo adasainirana chikalata cha mgwirizano wa zaka 6 wa ndalama zoposa madola 27 miliyoni, ndipo chidangotsala n'kupita naye ku Knoxville, kumene kuli sukuluyo, kukamuonetsa kwa atolankhani. Nkhaniyo idatuluka nthawi yake isadakwane, masapota adalusa, andale adalowererapo, ndipo akuluakulu a sukuluyo adabwerera m'mbuyo. Mpaka lero masapota ambiri a timuyi amakumbukira tsikuli monyadira, amati ndi tsiku limene anthu wamba adagonjetsa mabwana. Ine ndimavomereza kuti adali ndi ufulu wonse womukana munthuyu, koma chida chimene adamukanira nacho chidali choipa, ndipo zimene zidatsatira zidaonetsa kuti gulu lodziwa kukana silikhala lodziwanso kusankha.

Mpira ndikunenawu si wamiyendo umene tidauzolowera. Ndi uja wa ku America, wogwira ndi manja, umene osewera amavala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, ndipo m'zigawo za kummwera kwa dzikolo matimu a mayunivesite ndiwo amakondedwa kwambiri, kwina kuposa ngakhale matimu a ligi yaikulu ya NFL. Bwalo la Neyland, kumene Tennessee imasewerera, lili m'mbali mwa mtsinje wa Tennessee ndipo limalowa anthu oposa 100,000, kutanthauza kuti bwalo la Bingu ku Lilongwe lingadzaze kawiri anthu ena n'kutsalabe panja. Osewera ndi ophunzira, ndipo amangokhalapo zaka zochepa n'kumapita, choncho munthu amene amakhalitsa ndi mphunzitsi. Iyeyo ndiye amayenda m'makomo kukopa anyamata omwe akumaliza sekondale, amakhala pansi ndi makolo awo n'kuwalonjeza kuti mwana wawo akasamalidwa, amasankha omuthandiza, ndipo m'zigawo zambiri ndi iye amene amalandira malipiro ochuluka kuposa wina aliyense wogwira ntchito pansi pa boma la chigawocho. Pachaka timu imasewera masewero 12 okha, asadafike a zikho, motero kugonja kamodzi kumapweteka sabata yonse. Kulemba mphunzitsi wolakwika kumatayitsa zaka zitatu kapena zinayi, ndiponso ndalama zankhaninkhani zomulipira pomuchotsa.

Kuti mkwiyo wa tsiku lija umveke, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Mu 1998 Tennessee idapambana masewero ake onse 13 n'kutenga ukatswiri wa dziko lonse, mphunzitsi ali Phillip Fulmer, yemwe adasewerapo m'timu yomweyo ali mnyamata. Zaka khumi zitadutsa, mu 2008, zinthu zitayamba kusokonekera, Fulmer adaona msana wa njira. M'malo mwake mudalowa Lane Kiffin, amene adangokhala chaka chimodzi n'kuthawira ku yunivesite ya Southern California mu Januwale 2010, ndipo usiku umene ankatsanzika ophunzira adakhamukira mumsewu mpaka kuwotcha matiresi. Derek Dooley adakhala zaka zitatu, n'kupambana masewero 15 ndi kugonja 21. Kenako kudabwera Butch Jones, munthu wokonda mawu okometsera, yemwe mu 2016 timu yake italephera kutenga chikho adauza atolankhani kuti anyamata ake ndi akatswiri pa moyo, mawu amene masapota a matimu ena adatola n'kumaseka nawo Tennessee. Chaka cha 2017 ndicho chidanyanya. Georgia idawakwapula 41-0 pakhomo pawo, Missouri idawachinya 50-17, Jones adachotsedwa pa 12 Novembala, ndipo dzulo lake la Lamulungu lija timuyo idagonjanso kwa Vanderbilt, sukulu ya m'chigawo chomwecho imene kale ankangoidutsa. Idamaliza chakacho itapambana kanayi ndi kugonja kasanu ndi katatu, osapambana ngakhale kamodzi mu ligi yawo ya SEC, chinthu chimene chidali chisadachitikepo.

Anthu amene akhala zaka pafupifupi khumi akusekedwa amafuna dzina lalikulu lowapukuta misozi, ndipo dzina limene ankalilota lidali la Jon Gruden. Iyeyu adatengapo chikho cha Super Bowl, chomwe ndi chikho chachikulu cha NFL, ndi timu ya Tampa Bay, pa nthawiyo ankathirira ndemanga za mpira pa kanema wa ESPN, ndipo ali mnyamata adagwirapo ntchito ngati wothandizira aphunzitsi ku Tennessee komweko. Mphekesera zokhudza iye zidafika poseketsa. Lesitilanti ina ya m'mbali mwa mtsinje idalengeza kuti Gruden wadyera pamenepo, masapota adasangalala, kenako eni malowo adapepesa kuti adaona munthu wina. Gruden sadabwere, ndipo mu Januwale 2018 adapita kukaphunzitsa timu ya Raiders mu NFL. Chinanso n'chakuti Lamulungu lomwelo adani awo a ku Florida adalengeza kuti atenga Dan Mullen, mmodzi mwa aphunzitsi amene ambiri ku Knoxville ankamufuna. Ndiye munthu amene wakhala akuyembekezera Gruden, n'kuona Mullen akupita kwa mdani, pomva kuti akumubweretsera Schiano adangoona ngati amunyoza.

Kunena za mpira wokhawokha, panali zifukwa zomveka zomukayikira. Schiano adaphunzitsa timu ya yunivesite ya Rutgers ku New Jersey kuyambira 2001 mpaka 2011, ndipo adapambana masewero 68 n'kugonja 67. Womukonda amati ziwerengerozi zimabisa ntchito yaikulu, chifukwa adapeza timu yakufa n'kuidzutsa mpaka mu 2006 idapambana masewero 11 mwa 13. Wosamufuna amati Rutgers si Tennessee, ndipo ligi imene ankasewera sifanana ndi SEC kumene pa nthawiyo chaka chilichonse Tennessee inkakumana ndi Alabama, Georgia ndi Florida. Atapita ku NFL kukaphunzitsa Tampa Bay mu 2012 ndi 2013 adapambana 11 n'kugonja 21, ndipo adatchuka ndi nkhanza za usilikali zimene osewera akuluakulu sadagwirizane nazo. Mu 2017 sadali mphunzitsi wamkulu n'komwe, ankangoyang'anira mbali yotchinga pansi pa Urban Meyer ku Ohio State. Mtsutso wa mtundu uwu ndi wabwino, ndi umene umakometsa kutsatira masewero, ndipo masapota akadaima pamenepa ine sindikadakhala ndi chowadandaulira.

Koma zifukwa za mpira sizikadagwedeza akuluakulu a yunivesite pa tsiku limodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti amene ankatsogolera phokosolo ankadziwa zimenezi. Pa sukuluyo pali chimwala chachikulu chimene ophunzira amachipaka penti n'kulembapo mauthenga, tsiku lina a chikondi, tsiku lina olimbikitsa timu. Masana a tsiku limenelo padalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti Schiano adabisa nkhani ya kugwiriridwa kwa ana ku yunivesite ya Penn State. Chithunzi cha mwalawo chidafalikira pa Twitter ndi pa Facebook, gulu la anthu lidasonkhana pa sukulupo likukuwa, nambala ya foni ya Currie idaponyedwa poyera kuti aliyense amuimbire, aphungu ena a nyumba ya malamulo ya chigawocho ndi ena omwe ankafuna mpando wa bwanamkubwa adatulutsa mawu otsutsa, ndipo ngakhale mneneri wa ku White House, Sarah Huckabee Sanders, adalembapo pa tsamba lake. Kuchokera pamenepo nkhani sidalinso yoti kodi munthuyu angagonjetse Alabama, idasanduka yoti kodi yunivesite ikufuna kulemba ntchito munthu woteteza wogwirira ana.

Mlandu umenewu ndi wolemera kwambiri, choncho ndi bwino kuuona kumene udachokera. Schiano adagwira ntchito ku Penn State kuyambira 1990 mpaka 1995 ngati wothandizira, nthawi imene Jerry Sandusky ankayang'anira mbali yotchinga ya timuyo. Mu 2012 khoti lidapeza Sandusky wolakwa pa milandu 45 yochitira anyamata nkhanza zogonana, ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zosachepera 30. Mu 2016 kudatsegulidwa zikalata za mlandu wina, wa pakati pa Penn State ndi kampani yake ya inshulansi, ndipo mmenemo mudali umboni umene Mike McQueary, yemwenso adali wothandizira pa timuyo, adapereka atalumbira. McQueary adati mnzake wina, Tom Bradley, adamuuzapo kuti zaka za m'mbuyomo Schiano adalowa mu ofesi nkhope itasintha ndi mantha, n'kunena kuti waona Sandusky akuchita zinazake ndi mnyamata m'bafa. Umboni wonse ndi umenewu. McQueary sadaone, sadamve kwa Schiano, adangoti adauzidwa ndi munthu amene akuti adauzidwa. Bradley adakana kuti sadanenepo zimenezo, Schiano adakana kuti sadaonepo nkhanza iliyonse, ndipo sadaimbidwepo mlandu. Lipoti la kafukufuku wa Louis Freeh la mu 2012, limene lidadzudzula kolimba akuluakulu a Penn State, silimutchula n'komwe.

Sindikunena kuti aliyense amene adadandaula tsiku lija adali wachinyengo. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 2016, yunivesite ya Tennessee idalipira madola 2.48 miliyoni pothetsa mlandu umene amayi asanu ndi atatu adaisumira, wonena kuti sukuluyo inkalekerera nkhanza zogonana, makamaka zochitidwa ndi osewera. Kholo limene lili ndi mwana pa sukulu yotere likhoza kunena moona mtima kuti silifuna kumvanso dzina lililonse loyandikana ndi nkhani ya Sandusky, kaya umboni ulipo kaya palibe, ndipo ameneyo ndimamumvetsa. Chimene chimandivuta ndi unyinji wa anthu amene dzulo lake sankalabadira za zikalata za mu 2016, amene chaka chonse Schiano ali ku Ohio State sadanenepo kanthu, koma mwadzidzidzi adasanduka oteteza ana pa ola lomwelo limene adamva kuti sapatsidwa mphunzitsi wa kumtima kwawo. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, zikadakhala kuti mphekesera yomweyo, ya umboni wochepa chomwecho, ikukhudza mphunzitsi amene adatengapo zikho ziwiri, kodi mwala uja ukadapakidwa penti? Ndikukayika kwambiri. Adamusemera chinyau munthu chifukwa kunena chilungamo kuti "sitikumufuna, ndi wochepa kwa ife" kukadamveka ngati kudzikuza, ndipo pochita zimenezo adatenga masautso enieni a anyamata amene Sandusky adawaononga n'kuwasandutsa chikwapu pa mkangano wa mpira.

Currie nayenso sangasambe m'manja. Adali atangofika kumene chaka chomwecho cha 2017 kuchokera ku Kansas State, ndipo ntchito yofufuza mphunzitsiyo ankaiyendetsa pafupifupi yekha, mobisa. Masapota ambiri ankakhulupirira kuti amene ankamuuza zochita ndi anthu olemera opereka ndalama ku sukuluyo, makamaka banja la Haslam, limene mmodzi wa iwo, Jimmy, ndi mwini timu ya Cleveland Browns ndipo m'bale wake Bill adali bwanamkubwa wa chigawocho. Kaya zidali zoona kaya ayi, chinsinsi chake ndicho chidapatsa mphamvu maganizo amenewo. Mauthenga a pafoni yake atatulutsidwa poyera miyezi ingapo pambuyo pake, kudapezeka kuti adalembera mtolankhani wina kuti adzafunika thandizo pouza anthu za Schiano chifukwa masapota awo mitu yawo siyenda bwino. Ndiye kuti ankadziwa kuti moto ubuka, koma sadakonzekere kuuzima, sadakonzekerenso kuima nji pa chisankho chake. Mtsogoleri amene wafufuza munthu mokwanira, monga iye adanenera m'mawa mwake kuti adachita, amayenera kumuikira kumbuyo anthu akayamba kumunyoza. Ngati sangathe kutero, sayenera kumusainitsa chikalata poyamba pomwe. Chikalata chijanso chidapezeka kuti mkulu wa yunivesiteyo, Mayi Beverly Davenport, adali asadachisaine, ndipo Schiano adangotsala ndi dzina lothimbirira.

Masiku otsatira adali a manyazi okhaokha. Nthawi idali itathina, chifukwa chaka chimenecho kudayamba lamulo latsopano lolola anyamata a ku sekondale kusainira mayunivesite kuyambira pa 20 Disembala, ndipo timu yopanda mphunzitsi siyingakope mwana wa munthu. David Cutcliffe wa ku Duke adakana. Mike Gundy wa ku Oklahoma State adamvetsera, kenako adasankha kukhala kumene adali. Dzina la Jeff Brohm wa ku Purdue lidamveka n'kuzilala. Dave Doeren wa ku NC State, amene masapota adayambanso kumunyoza asadavomere n'komwe, adasaina mgwirizano watsopano kwawo komweko. Palibe chodabwitsa apa, pakuti mphunzitsi aliyense adali ataona zimene zidachitikira mnzake. Currie adaulukira ku Los Angeles kukakumana ndi Mike Leach wa ku Washington State, koma zokambirana zili mkati adaitanidwa kuti abwerere ku Knoxville, ndipo pa 1 Disembala adachotsedwa pa mpando. Amene adakhalapo ndi Fulmer yemwe uja, ndipo masapota adaimba m'manja kuti tsopano sukulu yabwerera m'manja mwa mwana wa pakhomo. Currie pambuyo pake adalipidwa madola 2.5 miliyoni, mu 2019 n'kukakhala mkulu wa zamasewero ku Wake Forest, pamene Mayi Davenport adachotsedwa mu Meyi 2018.

Pa 7 Disembala Fulmer adalengeza kuti mphunzitsi watsopano ndi Jeremy Pruitt, amene ankayang'anira mbali yotchinga ku Alabama. Taonani bwino apa. Masapota amene adakana Schiano, mwa zina chifukwa adali wothandizira chabe, adalandira mwansangala munthu amene adali asadakhalepo mphunzitsi wamkulu wa timu ya yunivesite ngakhale tsiku limodzi. Chidawakopa n'chakuti ndi wa kummwera, amalankhula ngati iwo, amachokera pa khomo la Nick Saban, yemwe adali mphunzitsi wamkulu wa Alabama, ndipo wasankhidwa ndi Fulmer. Pa zaka zitatu adapambana masewero 16 n'kugonja 19, kuphatikizapo kugonja 38-30 pakhomo kwa Georgia State mu 2019, timu yaing'ono imene idaitanidwa ndi kulipidwa kuti idzangokwapulidwa. Mu Januwale 2021 adachotsedwa ntchito yunivesite itapeza kuti iye ndi omuthandiza ankaphwanya malamulo okopera osewera, ndipo Fulmer adalengeza tsiku lomwelo kuti akupuma. Mu Julayi 2023 bungwe la NCAA, loyendetsa masewero a mayunivesite, lidati lidapeza zolakwa zoposa 200, zambiri zokhudza kupereka ndalama ndi mphatso mobisa kwa osewera ndi achibale awo, lidalipiritsa sukuluyo madola 8 miliyoni, lidafafaniza masewero 11 mwa amene Pruitt adapambana, ndipo iyeyo lidamuikira chiletso cha zaka 6. Anthu amene ankati akuteteza dzina labwino la sukulu yawo adathera m'manja mwa mphunzitsi amene adalidetsadi, osati ndi mphekesera koma ndi zolakwa zolembedwa m'chigamulo.

Masapota a Tennessee ali ndi yankho lawo pa zimenezi, ndipo ndimalimva kawirikawiri ndikamawerenga mikangano yawo usiku, poti masewero ambiri amayamba kuno kutada. Amati Pruitt adali cholakwa china chapadera, chimene sichitsimikizira kuti Schiano akadachita bwino. Apa akunena zoona, palibe amene angadziwe zimene Schiano akadachita ku Knoxville, ndipo mphunzitsi wolowa pa khomo pamene eni ake akumugenda sayembekezeka kukhalitsa. Amatinso kukadapanda chipwirikiti chija sakadafika pamene ali lero. Apa ndiye sindigwirizana nawo, chifukwa munthu amene adadzutsa timuyi sadasankhidwe ndi iwo. Danny White atalowa m'malo mwa Fulmer mu 2021 adatenga Josh Heupel, amene ankagwira naye ntchito ku yunivesite ya Central Florida, ndipo ambiri adang'ung'udza kuti bwana wangotenga mnzake ataona kuti mayina akuluakulu amukana. Sadachite chipolowe, mwina chifukwa adali atatopa, komanso ankadziwa kuti chilango cha NCAA chikubwera. Heupel yemweyo mu 2022 adapambana masewero 11 mwa 13, ndipo pa 15 Okutobala chaka chimenecho timu yake idagonjetsa Alabama 52-49, koyamba kuchokera mu 2006, masapota n'kuzula magolo a pa bwalo la Neyland kukawaponya mumtsinje. Mu 2024 adaifikitsa m'gulu la matimu 12 olimbirana ukatswiri wa dziko. Pa aphunzitsi atatuwa, amene adamulandira ndi manja awiri ndiye adawavulaza, pamene uja adamulandira monyinyirika ndiye adawasangalatsa.

Sindikutanthauza kuti masapota azikhala chete. Ndiwo amagula matikiti, ndiwo amadzaza bwalo lija ngakhale timu ikugonja, ndipo yunivesite ya boma si munda wa munthu mmodzi wolemera. Mkulu wa zamasewero amene sawamvetsera n'komwe ndi wopusa. Koma zimene sapota amadziwa ndi zimene zimaoneka kunja, monga ziwerengero za masewero, kalankhulidwe ka munthu pa kanema ndi kukula kwa dzina lake. Sadziwa amene adafunsidwa n'kukana, sadziwa ndalama zimene zilipo, sadziwa mmene munthuyo amakhalira ndi omuthandiza zitseko zikatsekedwa. Mawu ake ndi ofunika ponena kuti zinthu zaipa ndipo wina achoke, monga zidalili ndi Jones, koma pa funso loti abwere ndani amangoponya mwala mumdima ngati wina aliyense, kusiyana kwake n'kwakuti iyeyo sachotsedwa ntchito akalakwitsa.

Nkhani ya Schiano idathera kwina, ndipo idatha modabwitsa. Mu 2019 Rutgers idachotsa mphunzitsi wake Chris Ash n'kuyamba kukambirana ndi Schiano kuti abwerere. Chakumapeto kwa Novembala zokambiranazo zidasokonekera pa nkhani ya ndalama ndi zomangamanga zimene iye ankafuna, ndipo masapota a ku New Jersey adalusa ngati mmene adalusira anzawo a ku Tennessee zaka ziwiri m'mbuyomo. Adadzudzula mkulu wa zamasewero Pat Hobbs, opereka ndalama adaopseza kuti asiya kuthandiza sukuluyo, osewera akale adalankhula, ndipo bwanamkubwa wa chigawocho, a Phil Murphy, adalowererapo. Kusiyana kwake kudali kwakuti awa ankakuwa kuti munthuyo alembedwe ntchito. Zikalata za mu 2016 zija zidali poyera kwa aliyense wofuna kuziwerenga, chithunzi cha mwala wa ku Knoxville chidali chikadali pa intaneti, koma sizidaletse kanthu. Kumayambiriro kwa Disembala 2019 Schiano adasaina mgwirizano wa zaka 8 wa madola 32 miliyoni, ndipo mu 2023 timu yake idapambana masewero 7 n'kugonja 6, kuphatikizapo kugonjetsa Miami 31-24 pa masewero otsekera chaka mumzinda wa New York.